Malonje a Achimwene Sanathe

Ndisanatchule dzina la munthu aliyense, ndiyambe ndapepesa. Pepala ndagwirali ndalemba ndekha, ndipo dzanja langali linasiya sukulu lili mu Sitandade 4. Mawu ena ndawadula miyendo, ena ndawalumikiza posayenera, ndipo mizere yake yatsetsereka ngati ya m'munda wa m'mbali mwa phiri. Mukaona ndaima, ndiye kuti ndikulimbana ndi chilembo chomwe ndinalemba ndekha koma lero chandikana. Mayi Roselyn, alembi athu, mwati mukufuna pepalali kuti mukalitayipe. Ndapepeseratu. Pomwe pakukanikani mundiimbire, musangoikapo zanu.

Olemekezeka Abusa Elijah Chimwaza, amene mwatibwereka holo ino ndi kutiyatsira hita kuyambira m'mawa; olemekezeka a Tcheyamani a gulu lathu la Amalawi kuno ku West Midlands, Bambo Kingston Mbewe, pamodzi ndi mayi; olemekezeka Mayi Twambilile Mwalwanda, poimira manesi athu, amene ena afika muno kuchokera ku shifiti osaponda n'kunyumba komwe; olemekezeka Bambo Mapopa Zimba ndi abale athu a ku Zambia, amene malire anatisiyanitsa koma lilime linakana; alongo ndi abale amene mwafika posachedwa kudzasamalira okalamba a eni dziko lino mutasiya anu kumudzi; aphunzitsi a bwalo latsopanoli, motsogozedwa ndi mwana wanga Anita; makolo anzanga; ndi inu ana mwakhala kutsogoloku miyendo ili lendelende: ndakulonjerani nonse.

A Tcheyamani atandiuza kuti mlendo wolemekezeka pa kutsegulira kwa Bwalo la Nkhani ndine, chakudya chinandikana. Ndinawafunsa kuti, "Kodi ophunzira atha mu Birmingham muno?" Ine ndinabwera kuno potsatira mayi a kunyumba, a Esnath, amene ndi nesi, ndipo ntchito yanga ndi yosesa m'nyumba yosungiramo katundu ku Nechells. Ndinada nkhawa kuti ndidzaiwala mayina, ndinada nkhawa kuti jekete idzang'ambika kukhwapa, ndipo ndinada nkhawa kuti basi ya ku Cape Hill idzachedwa, moti ndafika muno a Abusa asanatsegule chitseko. Koma a Tcheyamani anandiyankha kuti, "A Laison, si inu kodi amene mumatigogodera?"

Kwa amene mwabwera chatsopano, ndifotokoze. Kumudzi kukagwa zovuta, abale anzeru saimbira mwini maliro amene ali kuno. Amaimbira munthu wina wamkulu, kuti iye apite kukagogoda pakhomo, akakhale pansi, akanene bwinobwino. Munthu ameneyo, kwa zaka zambiri tsopano, wakhala ali ine. N'chifukwa chake ena mukandiona ndikubwera ndi a Esnath pakati pa sabata mumayamba mwafunsa pawindo kuti, "N'kwabwino?" Mukuseka, koma Bambo Zimba anandibisalirapo m'bafa, pomwe ndinangobwera kudzabweza sikuludilaiva.

Bwalo tikutsegulali ndi loti Loweruka lililonse ana ndi akulu azikumana muno kuphunzira kusimba ndi kulemba nkhani m'chilankhulo chathu. Anita anaphunzira ku yunivesite za momwe nkhani imamangidwira, ndipo tsiku lina anandijambulira phiri. Anati nkhani imayambira patsinde, pomwe timadziwa anthu ake, imakwera pamene mavuto akuchuluka, imafika pansonga pomwe zonse zimasweka, kenaka imatsika. Anatinso pali nkhani zina zoyambira kumapeto, monga za pa wailesi, ndi zina zoyambira pakati n'kumabwerera m'mbuyo. Ndinasangalala kumva kuti pali anthu amakhalira pansi kuganizira zimenezi, pakuti ine ndinkayesa kuti ndimavutika nazo ndekha. Phiri la Anita ndalilandira. Koma ine ndinaphunzira ndi mawu ena, ndipo mundilole ndikuuzeni amene anandiphunzitsa.

Kwathu ndi ku Ntchisi, kwa Malomo. Mkulu wanga, achimwene a Jairos, ndiwo ankatumidwa kukanena mauthenga a maliro m'midzi yakutali, chifukwa anali ndi njinga komanso pakamwa pofatsa. Chaka china, ine nditameta kale ndevu, bambo athu aang'ono anamwalira pamene achimwene anali atadzitema ndi khasu kuphazi. Panafunika wokauza azakhali a Nabanda, mlongo wa malemuwo, amene anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje. Anandipatsa njinga ine. Ndikupopa tayala, achimwene anakhala pachitsa phazi lili m'mwamba, n'kundifunsa:

"Ukafika ukanena chiyani?"

Ndinati, "Ndikanena kuti bambo aang'ono amwalira."

Anati, "Iwe ndiwe munthu kapena mfuti?"

Ndinasiya kupopa. Iwo anati, "Tamvera. Ukafika, tsamiritsa njinga. Akakupatsa mpando, khala. Akakupatsa madzi, imwa, ngakhale ulibe ludzu. Akakufunsa malonje, usakayambire pamene tili lero. Yambira pomwe munthuyo anali wamphamvu. Pita naye kumunda. Dwala naye. Kwera naye ngolo. Uthenga ndi mtolo, mphwanga. Pali kusenza, pali kuyenda nawo, pali kutula. Ndipo unaonapo mayi akutula yekha mtsuko wodzaza? Amagwada, wina n'kugwira mbali inayo. Mawu omaliza si ako. Ukafika pafupi nawo, ima. Awanene ndi mwini wake."

Ndinapalasa njinga ndikubwereza mawu njira yonse ngati woloweza katekisimu. Azakhali ndinawapeza akuswa mtedza pakhonde. Ndinakhala, ndinamwa madzi, ndipo atandifunsa malonje ndinayambira pa tsiku lomwe bambo aang'ono anafolera okha nkhokwe. Azakhali ankangoti, "Ee." Ndinanena za chifuwa chomwe chinayamba mvula itatha. Anati, "Ndamva." Ndinanena za mankhwala omwe sanathandize. Manja awo anayamba kuswa mtedza pang'onopang'ono. Nditafika pa ngolo yopita kuchipatala, anaika lichero pansi. Nditanena kuti amayi akuluakulu anaitanidwa kuti alowe m'nyumba, ndinaima monga anandiuzira achimwene. Azakhali anaimirira, anamasula chitenje n'kuchimanganso molimba m'chiuno, ndipo anati, "Ndiye kuti mlongo wanga wapita."

Ndinati, "Mwanena ndinu, azakhali."

Analira, inde, ndipo mudzi wonse unamva. Koma sanagwe. Pamalo owawawo anafikapo ndi mapazi awo, ine ndikungoyenda pambali. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti nkhani si zimene zinachitika zokha ayi. Nkhani ndi dongosolo lomwe waika zimene zinachitikazo, kuti mnzako athe kuzinyamula.

Tsono ndinabwera nalo dongosolo langali ku Mangalande, n'kupeza kuti eni kuno amayambira kotula. Ulendo wanga woyamba kwa dokotala, bondo likundipweteka, anandifunsa chimene chandibweretsa. Ine ndinaona kuti munthu wandipatsa mpando, ndiye wandifunsa malonje. M'Chingerezi changa chothyokathyoka ndinayambira pa chaka chomwe ndinagwa pa njinga pa mlatho wa mitengo. Dokotala anayang'ana wotchi. Ndinafika pa ukwati wanga. Anayang'ananso wotchi. Nthawi inatha ndili pa bwalo la ndege ku Lilongwe, bondo lisanalowe n'komwe m'nkhani, ndipo ndinatuluka ndi mankhwala a mutu. A Esnath atamva anati, "Bambo a Anita, tsiku lomwe ndidzakomoke m'nyumba muno, chonde foni ya ambulansi adzaimbe mwana. Inu mudzayambira pa chinkhoswe." Ndipo ananena zoona. Pali nthawi yomwe mapeto ayenera kutsogola, chifukwa moyo wa munthu uli pa changu. Zimenezo dziko lino landiphunzitsa, ndipo ndikulithokoza.

Koma pali china chimene ndinaona ku Erdington, ndipo mwini wake wandilola kuti ndichinene. Mayi Thandiwe, amene akhala kumbuyoko, anali atangofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba pamene bambo awo anatisiya ku Balaka. Achibale anandiimbira ine, monga mwa mwambo. Tinakwera basi ndi a Esnath, ine ndikukonza m'mutu poyambira. Koma foni imathamanga kuposa basi. Msuweni wawo wina anali ataika kale chithunzi cha malemu pa sitetasi ya pa foni, pambali pali kandulo. Tinawapeza Mayi Thandiwe atakhala pa masitepe, yunifolomu ili m'thupi, nsapato imodzi kuphazi, foni ili m'manja. Mtolo unali utaponyedwa pamutu pa munthu woimirira.

Ndinaganiza kuti ntchito yanga yatha isanayambe, ndipo ndinangoti, "Pepani, mwana wanga, tachedwa." Koma iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, ndiuzenibe. Yambirani poyamba."

Ndinakhala pa sitepe yapansi n'kuyambira pomwe bambo awo anapita okha kumsika kukagulitsa nandolo. Mapeto ankawadziwa, koma njira yofikira kumeneko analibe, ndipo munthu sangalire bwino maliro amene sakudziwa njira yake. Aphunzitsi, mukamaphunzitsa za phiri lija, muwauze ana zimenezi: kudziwa nsonga si kukwera phiri.

Olemekezeka nonse, apa ndi pomwe mizere ya pepala langa yapindika kwambiri, ndiye mundipirire.

Achimwene a Jairos ali moyo, ndipo timalankhulana Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Masiku onse foni yathu imakhala yaifupi. Amandifunsa ngati kukuzizira, ndimawafunsa za mvula, amandinyoza kuti ndakalamba ndikusesa nyumba ya azungu pomwe bwalo la kwathu lamera udzu, ndiye timaseka n'kutsazikana. Koma anthu atangomaliza kukolola chaka chino, achimwene anayamba mwa njira ina. Anati, "Laison, uli pa mpando? Tamwa madzi, ndikulonjere."

Ndinakoka mpando n'kukhala. Anayambira pa dzinja la chaka chatha, pomwe ananyamula okha thumba la soya kuchokera kudimba mpaka kunyumba, anyamata akuwaombera m'manja. Anasimba bwino, ndi nthabwala zake, ndipo anathera pomwepo. Lamulungu lotsatira ananena za tsiku lomwe mbatata inawaima pakhosi, mpaka anaitsitsa ndi madzi. Lina ananena kuti alamu anga anayamba kuwaphikira phala lokha, ndipo iwo ankawaseka kuti akuwasandutsa khanda. Lina ananena za lamba, kuti anapita naye kwa wosoka nsapato kukaboola bowo latsopano, kenaka linanso. Ine ndimangoti, "Ee, achimwene. Ndamva, achimwene." Anandikweza minibasi mpaka ku chipatala cha boma. Anandikweza ina mpaka ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, n'kundiuza za mzere wake, za fungo lake, ndi za munthu wa ku Dedza amene anagawana naye benchi.

Lamulungu lapitali tinafika pa chitseko cha dokotala. Anati, "Ndiye atandiunika, dokotala uja anati, bambo, kodi mwabwera ndi ndani? Aitaneni mayi ndi mwana wanu wamkulu alowe."

Atatero anaima.

Abale anga, kukhala chete kumeneko ndimakudziwa. Ndakhala ndikukuika ine m'nyumba zanu, ku Smethwick kuno, ku Erdington, ku Wolverhampton. Ndi malo omwe wosimba amagwada kuti womvera agwire mbali inayo ya mtsuko. Munthu amene anandiphunzitsa kuti mawu omaliza ndi a womvera anali kudikira kuti ndiwanene ine. Ndinamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo, ndinamva wina akutsuka ndowa, ndinamva mpweya wawo. Ndipo ine ndinati, "Nanga mbuzi yamawanga ija inaswa?"

Anaseka pang'ono, kuseka kotopa. Anati, "Inaswa, mphwanga. Awiri, onse aakazi. Tidzapitiriza Lamulungu."

Anita anali pomwepo ndipo anamva zonse. Anati, "Adadi, mukudzizunza. Ingofunsani kuti dokotala wati chiyani. Kapena ndiimbire ine Everton, andiuza pompano." Everton ndi mwana wamkulu wa achimwene. Ndinamuletsa. Ndinati nkhaniyi ndi ya atate ako aakulu, aisenza okha, aiyendetsa okha, ndipo sitingawalande panjira ngati mbava. Iye anandiyankha mawu amene sanandichoke mpaka lero. Anati, "Nanga nkhaniyo ikatalika kuposa mwini wake?" Mwanayu sanalakwe. A Esnath, amene ndi nesi ndipo anamva za mbatata ija kalekale, anangotsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, anaipukuta fumbi, n'kuiika pafupi ndi chitseko. M'mawa uliwonse popita ku ntchito ndimailambalala.

Mudzafunsa kuti ndikuopa chiyani, munthu woti ndanyamula mauthenga otere moyo wanga wonse. Ndikuuzani. Papita zaka zambiri ndisanawaone achimwene ndi maso. M'mutu mwanga akadali munthu wa akatumba m'miyendo, wokwera chitunda cha kwathu osatsika pa njinga, woimba mluzu akamabwera kuti ana tidziwe kuti kuli nzimbe. Pamene nkhani yawo ili panjira, munthu ameneyo akadalipo. Ndikadzanena mawu omalizawo, ndidzakhala ndavomera munthu wina, wa lamba wa mabowo atsopano, amene sindinamuonepo. Ndimalakalaka khonde lija. Ndimalakalaka kukhala pa mpando wachikopa, iwo ali apo, kuti pofika pa chitseko cha dokotala ndiwagwire dzanja, osati chigalasi cha foni chozizira. Uthenga wotere sunapangidwe kuti uziwoloka nyanja. Koma ndife amene tinawoloka, ndiye nawo ukutitsatira.

N'chifukwa chake bwalo lino ndalilandira ndi manja awiri. Aphunzitsi, aphunzitseni anawa njira zonse ziwiri: kuyambira kumapeto pamene akuitana ambulansi, ndi kuyambira patsinde pamene akulankhula ndi mtima wa munthu; ndipo koposa zonse aphunzitseni kuzindikira kuti apa pafunika iti. Aphunzitseni kusimba, komanso aphunzitseni kumvera, pakuti nkhani imamangidwa ndi anthu awiri, ndipo wonena "ee" uja ndiye amagwira ntchito yolemera. Makolo anzanga, ana akatiyankha m'Chingerezi tisawakalipire mpaka kuwathawitsa. Chachikulu n'choti akhale pansi mpaka nkhani ithe, Chichewa chidzawapeza ali pa mpando. Inu ana, agogo akaimba foni kuchokera kumudzi n'kuyambira pa nkhuku ndi pa mvula, musamati achite changu. Mwina akungocheza. Mwinanso akukutengerani kwina, ndipo akufuna mukafike muli chiimire.

Ndithokoze a Abusa ndi mpingo chifukwa cha denga ili. Ndithokoze a Tcheyamani ndi komiti, amene akhala akukumana ena atatopa ndi ma shifiti. Ndithokoze amayi amene aphika, pakuti fungo la mandasi landisokoneza kuyambira pa ndime yachiwiri. Ndithokoze Anita ndi anzake, amene akanatha kupita ndi maphunziro awo kwina koma awabweretsa muno, pansi pa tchalitchi, kwa ana athu. Mwana wanga, timatsutsana kukhitchini, koma lero pamaso pa anthu ndikuti wachita bwino.

Tsono ndi ulemu umene mwandipatsa, ndi chilolezo cha a Abusa ndi a Tcheyamani, ine Laison Kachingwe ndikulengeza kuti Bwalo la Nkhani la kuno ku Smethwick latsegulidwa. Mipando ilipo, madzi alipo. Wobwera ndi malonje alowe.

Chotsala ndi ichi, ndipo ndichinena mosazungulira. Mawa ndi Lamulungu. Achimwene adzaimba, adzandibweretsanso pa chitseko chija, ndipo adzaima. Sindikudziwa ngati ndidzanena mawu anga kapena ndidzafunsanso za mbuzi. Sutikesi ili pakhomo, koma ilibe kanthu m'kati, ndipo kwa abwana sindinapemphe tchuthi. Komanso pali funso limene komiti sinakambiranepo: amene amagogoda pa makomo anu ndine, nanga pakhomo panga adzagogoda ndani? Ameneyo sanapezeke. Aliyense amene adzakhale, ndikumupempha chimodzi. Akadzafika, ndidzamuuza kuti anene msanga. Asadzandimvere. Adzakhale pansi, adzamwe madzi, adzayambire pa thumba la soya.

Zikomo kwambiri.